Bii ndi Mbuu: Lipoti la kusankha mbatata ya pepo mkati poyang'ana utoto wake

Lipoti ili ndi la ntchito ya zaka zisanu yokwatitsa ndi kusankha mbatata ya pepo mkati. Ndalilemba makamaka chifukwa cha mitundu iwiri yobadwa m'banja limodzi, imene anzanga a kumunda anaipatsa maina akuti Bii ndi Mbuu, komanso chifukwa cha cholakwa chathu chimene chinatidyera chaka chathunthu.

Amene anatipatsa ntchitoyi ndi kampani ina yopanga utoto wothira m'zakumwa ndi m'maswiti. Zoti mbatata ndi yotsekemera kapena yofumbutuka ikapsa analibe nazo ntchito. Iwo ankafuna madzi otuluka m'mbatatamo: akhale ofiira mopendekera ku pepo akathiridwa m'chakumwa chowawasa cha pH ya pafupifupi 3 (pH ndi muyeso wa kuwawasa: nambala ikachepa, ndiye kuti chinthucho n'chowawasa kwambiri), asasuluke akatenthetsedwa popha tizilombo, ndipo akhalebe owala botolo likakhala miyezi pa shelefu. Chimene chikuwathamangitsira ku mbatata n'chodziwika. Kuyambira mu 2010, m'maiko a European Union zakudya zokhala ndi utoto wina wochita kupanga m'fakitale zimayenera kulembedwa chenjezo lokhudza ana, ndipo mu Januwale 2025 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku United States, linachotsa chilolezo chothira m'zakudya utoto wofiira wa m'fakitale wotchedwa Red No. 3. Carmine ndi utoto wofiira wolimba zedi, koma umachokera ku tizilombo totchedwa cochineal, ndiye ogula ambiri amaukana.

Ife tinali titazolowera kusankha mbatata yodya. Maso athu anaphunzira kuona kukula, kusalala kwa khungu ndi kuwala kwa mkati. Pa ntchito iyi maso omwewo ndi amene anatisokeretsa.

Chimene chili mkati mwa pepoyo

Utoto wa mbatata imeneyi ndi wa gulu la anthocyanin, lomwe limapezekanso m'mphesa zakuda ndi m'kabichi wofiira, ndipo ku Ulaya limalembedwa E163 pa paketi. M'mbatata muli nthambi ziwiri zikuluzikulu za gululi, cyanidin ndi peonidin. Kapangidwe kawo n'kofanana kupatula pamalo amodzi okha: cyanidin ali ndi timagulu tiwiri ta hydroxyl toyandikana, pamene mwa peonidin kamodzi mwa tiwirito n'kotsekedwa ndi methyl. Kusiyana kochepaku kumafika mpaka m'maso. Mbatata yochuluka peonidin ikaphikidwa n'kupotedwa imapendekera kufiira. Yochuluka cyanidin imapendekera ku buluu, nthawi zina mpaka kuoneka ngati mwalowa phulusa. Ofufuza a ku Japan ndi amene anazolowetsa kugawa mitundu potengera peonidin kumugawa ndi cyanidin: yankho likaposa 1 ndiye gulu lofiira, likachepera 1 ndiye gulu la buluu.

Nkhani siithera pamenepo. Pa utoto uliwonse pamamatira shuga, ndipo pa shugayo pamamatira asidi wina mwa atatu awa: caffeic, ferulic kapena p-hydroxybenzoic. Utoto wina umakhala ndi asidi mmodzi, wina awiri, wina ulibe. Asidiyo amapindikira pamwamba pa gawo lonyamula utoto ngati chivundikiro, n'kumaletsa madzi kulifikira. Apa ndi pamene mbatata imaposera mphesa ndi sitiroberi, zomwe utoto wake wambiri ndi wosavundikira ndipo umasuluka msanga pa moto. Makina a mu labotale otchedwa HPLC amalekanitsa mitundu ya utotoyi n'kuonetsa uliwonse ngati nsonga pa chithunzi, ndipo ya m'mbatata inapatsidwa maina a YGM, ochokera ku mtundu wakale wa mbatata wa Yamagawamurasaki: YGM-1a, 1b, 2 ndi 3 ndi a cyanidin, pamene YGM-4b, 5a, 5b ndi 6 ndi a peonidin.

Choncho wosankha mbatata ya utoto ali ndi mafunso atatu: utoto ndi wochuluka bwanji, ndi wa nthambi iti, ndipo ndi wovundikira motani. Diso limayankha loyamba lokha, nalonso mongopenekera.

Sitinali oyamba kuyenda njirayi. Mbatata yotchedwa Ayamurasaki inatulutsidwa mu 1995 ku Kyushu, ku Japan, ndi cholinga chenicheni cha utoto, ndipo ndi yochuluka peonidin. Ana ake, Murasakimasari wa 2001 ndi Akemurasaki wa 2005, anatsata pambuyo. Mu 2019 kampani ya Chr. Hansen inatulutsa utoto wofiira wochokera ku mbatata imene inachita kusankha yokha kwa zaka zambiri kuti ilowe m'malo mwa carmine. Pali ena amene amalowera mbali inayo mwadala, kufuna cyanidin wambiri, chifukwa m'zoyesa za mu labotale ndiye amaoneka wamphamvu polimbana ndi kuwonongeka kwa maselo kobwera ndi okosijeni. Mbatata yabwino kwa iwowo ikhoza kukhala yosayenera kwa wopanga chakumwa chofiira.

Makolo ndi kukwatitsa

Tinatenga makolo a pepo wakuda atatu ndi makolo oyera mkati awiri odziwika ndi kubereka kwambiri komanso kupirira ku matenda a vairasi. Mbatata ya olenji mkati tinaisiya dala. Ndinayesapo kale kuikwatitsa ndi ya pepo, ndipo ana ambiri anatuluka ndi mkati mooneka ngati matope, poti carotenoid, utoto wa olenjiwo, ndi anthocyanin zikasakanikirana sizipereka kaonekedwe koyera.

Kukwatitsa mbatata kumafuna kudekha. Mitundu yambiri imachita ulesi kumasula maluwa, ndipo imafuna masiku aafupi kuti iyambe. Makolo awiri mwa athu anakana kotheratu mpaka titawamezanitsa pa Ipomoea setosa, m'bale wake wa kutchire. Duwa limatseguka m'mbandakucha ndipo pofika masana lafota, choncho madzulo timayenda kumanga nsonga za maluwa amene atseguke mawa kuti njuchi zisatitsogolere, m'mamawa n'kupaka mungu ndi kambaniro, kumanganso, n'kulemba pa kachikwangwani dzina la mayi ndi la bambo. Mbatata siidzibereketsa ndi mungu wake womwe, komanso mitundu ina imakanana chifukwa ili m'gulu limodzi lokanana mungu. Mwa maukwati amene tinakonza, ena sanagwire ngakhale chipatso chimodzi. Chipatso chikagwira chimatenga mwezi kapena kuposerapo kuti chikhwime, ndipo ngakhale chili ndi malo a njere zinayi, kawirikawiri mumapeza imodzi kapena ziwiri. Njereyo ndi yolimba khungu. Ena amainyika mu asidi wa sulphuric, ife tinkangoitema pang'ono ndi chowengera zikhadabo chifukwa njere zathu sizinali zochuluka.

Mbatata ili ndi makromozomu 90, m'magulu 6 a 15, ndipo makromozomuwo ndi timaulusi ta m'selo tonyamula majini, malangizo a chibadwa amene mwana amatengera kwa makolo. Jini iliyonse ikhoza kukhala ndi makope mpaka 6, n'chifukwa chake ana a mayi ndi bambo mmodzi amasiyana ngati si pachibale. Kukhala ndi pepo mkati kumayendetsedwa kwambiri ndi jini ya IbMYB1, imene imayatsa majini ena opanga utoto, ndipo imapita kwa ana mosavuta. Koma kuti utotowo ukhale peonidin kapena cyanidin, ndi kuti pamatire asidi angati, zimadalira majini ena amene amagawikana paokha. Chotonthoza n'chakuti mbatata imadzalidwa ndi nthambi. Mukapeza mbande imodzi yabwino, mwapeza mtundu, ndipo sudzasinthanso.

Kusankha ndi mpeni

Chaka chachiwiri tinadzala mbande zonse, iliyonse pa phando lake. Pokolola tinkadula mbatata imodzi pa mbande iliyonse n'kuyerekeza mkati mwake ndi tchati cha mitundu ya utoto. Zoyera ndi za mawangamawanga tinataya pomwepo. Zotsala tinadula nthambi zake n'kudzala m'mizere chaka chachitatu.

M'banja limodzi munali ana awiri amene aliyense anawazindikira. Woyamba anali wakuda mkati moti ukamudula mpeni umatuluka utada, zala nazo zimatsala ndi banga masiku awiri. Ameneyo ndiye Bii. Winayo anali wa pepo wofewa, wouma mkati, wooneka ngati wawazidwa ufa. Ameneyo ndiye Mbuu. Kunena zoona, mtima wanga unagwa pa Bii tsiku lomwelo, ndipo zonse zimene zinabwera pambuyo ndinkaziwerenga ndi mtima umenewo.

Zotsatira zoyamba za mu labotale

Pa zokolola za chaka chachitatu tinatumiza zitsanzo ku labotale yathu. Mmene tinachitira ndi mmene panagona vuto, choncho ndifotokoza mwatsatanetsatane. Mbatata tinazidula pakati kumunda komweko kuti tilembe kaonekedwe ka mkati. Theka lililonse tinaliika m'pepala la pulasitiki ndi nambala yake. Mapepalawo anakhala pamthunzi mpaka titamaliza kukolola, kenako anayenda pa galimoto kukutentha, n'kukafika madzulo. M'mawa mwake anazipala zonse pamodzi kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo popeza makina oumitsira ndi chisanu sankatha kulandira zonse nthawi imodzi, zina zinadikira pa tebulo maola angapo.

Zotsatira zinasangalatsa aliyense. Bii anali pamwamba pa onse pa kuchuluka kwa utoto, ndipo peonidin wake anaoneka woposa cyanidin. Mbuu anali pakati pa mndandanda. Tinachulukitsa nthambi za Bii mwachangu. Mbuu akanatayidwa, koma woyang'anira munda anapempha kuti timusunge ngati mzere wotchinga m'mphepete, poti masamba ake anali aukhondo pamene oyandikana nawo anali atapiringizika ndi vairasi yofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba ndi ntchentche zoyera. Ndinavomera mongomusangalatsa.

Chaka chachinayi tinatumiza matumba a Bii ku kampani ija. Iwo amaphika mbatata yathunthu ndi nthunzi asanaipere. Yankho lawo linali lalifupi: utoto ndi wambiri, koma m'chakumwa ukuoneka wa pepo wozimirira wopendekera ku buluu, ndipo mabotolo amene anaikidwa pa malo otentha kwa masabata angapo ayamba kudera. Makina awo a HPLC anaonetsa cyanidin woposa peonidin, zosemphana ndi zathu.

Poyamba ndinaganiza kuti tasokoneza zikwangwani pochulukitsa nthambi, zomwe zimachitika m'munda uliwonse wa kafukufuku ngakhale anthu sakonda kuzivomera. Tinayerekeza kaumbidwe ka masamba, mtundu wa nsonga ndi khungu pakati pa munda wochulukitsira ndi mbewu yoyambirira imene tinasunga m'nyumba ya maneti. Anali Bii yemweyo. Kenako ndinakayikira makina a kampaniyo, chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi tsopano.

Chimene chinamasula mfundoyo ndi kuyesa kosavuta. Tinatenga mbatata imodzi ya Bii n'kuidula m'litali. Theka loyamba tinalipala molunjika m'botolo la mowa wa mu labotale wothira asidi, mosadutsa mphindi. Theka lachiwiri tinalipala n'kulisiya pa tebulo kuyambira m'mawa mpaka masana. Tinabwereza pa mbatata zingapo. Zonse zinanena chimodzi: theka loyamba linali ndi cyanidin woposa peonidin, lachiwiri cyanidin anali atatsika kwambiri moti peonidin anaoneka ngati ndiye wamkulu.

Chifukwa chake chili pa kapangidwe kaja. Mbatata ikadulidwa, enzaimu ya polyphenol oxidase, chinthu cha m'mbatata momwemo chofulumizitsa kusintha kwa mankhwala, imakumana ndi mpweya ndi asidi wa chlorogenic, amene ndi wambiri m'mbatata, n'kupanga mankhwala otchedwa quinone. Mankhwalawa ndi amene amadetsa podulidwapo, ndipo amawononganso anthocyanin. Cyanidin, ndi timagulu take tiwiri toyandikana tija, ndiye amagwidwa msanga. Peonidin amapirirako. Mwachidule, sitinayeze Bii. Tinayeza zotsala za Bii enzaimu itadya gawo lake. Kampani inapha enzaimuyo ndi nthunzi isanapere mbatata, ndiye inaona chithunzi chenicheni.

Pamene Mbuu anaonekera

Titadziwa zimenezi tinabwerera ku mitundu yonse imene inali ikadali ndi moyo, kuphatikizapo mzere wotchinga uja, n'kuyezanso zitsanzo zatsopano zolowa mu asidi nthawi yomweyo. Mbuu anatuluka ndi peonidin woposa cyanidin kutali, ndipo nsonga zazitali pa chithunzi cha HPLC zinali za utoto wa asidi awiri, makamaka YGM-5a ndi YGM-6.

Apa ndinazindikiranso kuti njira yathu yoyezera kuchuluka kwa utoto inkamupondereza. Tinkagwiritsa ntchito njira yodziwika ya pH ziwiri: chitsanzo chimayezedwa pa pH 1.0 ndi pa pH 4.5, pa kuwala kwa mitundu iwiri, kwa 520 nm ndi 700 nm (nm ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), ndipo kusiyana kwa ziwirizo ndiko kumawerengedwa ngati utoto. Njirayi imayembekezera kuti pa pH 4.5 utoto uzimirira pafupifupi wonse. Ndi mmene zimakhalira ndi utoto wosavundikira. Koma wovundikira ndi asidi awiri umasungabe gawo la kaonekedwe kake pa pH 4.5, choncho kusiyanako kumachepa ndipo nambala imatsika. Mtundu ukakhala wolimba kwambiri, njirayi imaulanga kwambiri. Sindikunena kuti ndi njira yoipa. Ndi yotchipa, yachangu, ndipo posiyanitsa wotuwa ndi wakuda m'gulu lalikulu imathandiza. Koma kuigwiritsa ntchito posankha pakati pa ana khumi omaliza, pamene chikufunidwa ndi kulimba kwa utoto, n'kudzitchera msampha.

Kutuwa kwa Mbuu m'maso nako kunali ndi chifukwa. Ndi wouma mkati, sitachi yake ndi yambiri, ndipo kuyera kwa sitachiyo kumaphimba utoto. Komanso mkati mwa mbatata yaiwisi pH imakhala pafupifupi 6, pamene anthocyanin sawala mokwanira. Utoto womwewo ukatsitsidwa kufika pH 3 umayaka kukhala wofiira. Ukakwezedwa kufika 7 kapena 8 umasanduka buluu, ukapitirira umalowa kubiriwira n'kuwonongeka. Kuweruza mbatata ya utoto poyang'ana podulidwa kuli ngati kuweruza nsalu usiku.

Madzi a Mbuu titawathira m'chakumwa choyeserera cha pH 3 anapereka kufiira koyera, ndipo atatenthetsedwa pamodzi ndi a Bii anasunga kaonekedwe kake bwino koposa. Kampani nayo inapeza zomwezo.

M'minda yosiyanasiyana

Chaka chachisanu tinadzala mitundu isanu ndi umodzi yotsala m'malo atatu: ozizira a kumtunda, otentha a dothi lamchenga, ndi achinyezi a dothi lolemera. Kuchuluka kwa utoto kunasintha ndi malo. Kozizira mitundu yonse inada kuposa kotentha. Koma dongosolo la peonidin ndi cyanidin silinasunthe kwenikweni: wofiira anakhalabe wofiira, wa buluu anakhalabe wa buluu. Kwa wosankha mbewu iyi ndi nkhani yabwino, chifukwa kapangidwe ka utoto mukhoza kukayeza msanga, pa malo amodzi, n'kukakhulupirira. Kuchuluka ndiko kumafuna minda ingapo ndi nyengo zingapo.

Mbuu si wangwiro ayi. Pa kilogalamu iliyonse utoto wake ndi wochepa poyerekeza ndi Bii, kutanthauza kuti fakitale iyenera kunyamula, kutsuka ndi kuphika mbatata zambiri kuti ipeze ufa wa utoto wofanana. Zokolola zake zochuluka zimatseka mpatawo mukawerenga pa hekitala, koma wolipira nthunzi ndi galimoto sawerenga pa hekitala. Pa dothi lolemera anang'ambika pamene mvula inabwera pambuyo pa ng'amba, ndipo m'ming'alumo ndi mmene nankafumbwe wa mbatata amalowera. Mbatata yobooledwa ndi nankafumbwe imawawa ndipo imanunkha, fungolo limatha kupita mpaka m'madzi a utoto.

Zimene tasintha

Mbatata yopita ku labotale sitiidulanso kumunda. Imayenda yathunthu, ndipo yoonera kaonekedwe imakhala ina. Pa mbande zambiri, pamene HPLC singakwanitse zonse, timaboola kachidutswa kozungulira pakati pa mbatata n'kukagwetsera pomwepo m'kabotolo ka madzi othira asidi wa citric, ndipo kachidutswa kena timakaphika ndi nthunzi n'kukapota pa mbale yoyera. Kabotolo kamatiuza kuchuluka, chopotedwacho chimatiuza ngati tili ku gulu lofiira kapena la buluu. Ku HPLC kumapita okhawo amene adutsa pawiri ponsepo, ndipo kumeneko timayamba ndi kuphika chitsanzo mu asidi wa hydrochloric kuti shuga ndi asidi zonse zichoke, patsale nsonga ziwiri zokha za cyanidin ndi peonidin zosavuta kuwerenga. Chithunzi chathunthu cha YGM timachisungira omaliza. Tawonjezanso kulemba liwiro la kuda kwa podulidwa pakatha theka la ola, popeza mtundu woda msanga umavutitsa fakitale ngakhale utoto wake utakhala wabwino.

Bii sitinamutaye. Gulu lina lofufuza za zakudya ndi thanzi lamupempha chifukwa cha cyanidin yemweyo amene anamulepheretsa kuno.

Maganizo oyamba a aliyense anali okwatitsa Bii ndi Mbuu, kuti tipeze kuda kwa mmodzi ndi peonidin wa mnzake mwa mwana mmodzi. Tinapaka mungu mbali zonse ziwiri kwa masabata angapo, maluwa onse anayoyoka. Ndi ana a mimba imodzi, ndipo zikuoneka kuti anatengera gulu limodzi lokanana mungu. Pano Mbuu wamezanitsidwa pa Ipomoea setosa m'nyumba ya maneti, poti nayenso ndi waulesi pa maluwa, ndipo pambali pake pali kholo lina lakuda la banja losiyana limene tinaliyeza kale kuti ndi la gulu lofiira. Zipatso zoyamba zagwira, tikudikira zikhwime.